Mmene mungagwiritsire ntchito mafuta odzola ochokera ku zomera poteteza khungu ku dzuwa

Cheza cha dzuwa chimene chimawononga khungu, chotchedwa UV, chili m'magulu awiri: UVA ndi UVB. UVB ndi chimene chimawaula khungu pamwamba, pamene UVA, chomwe ndi pafupifupi 95 peresenti ya cheza cha UV chofika padziko, chimadutsa mitambo ngakhalenso magalasi a mawindo n'kulowa mkati mwa khungu. Chikalowa chimayambitsa tizinthu totchedwa free radicals, timene timadya khungu pang'onopang'ono monga mmene dzimbiri limadyera chitsulo, ndipo zotsatira zake ndi makwinya obwera msanga, madontho akuda, komanso kuwonongeka kwa maselo kumene nthawi zina kumadzetsa khansa ya pakhungu. Ntchito ya ma antioxidant, omwe ndi mankhwala opezeka m'zomera zambiri ndipo amaikidwa m'mafuta ena odzola, ndi kufooketsa tizinthu timeneti tisanawononge zambiri.

Choyamba chimene muyenera kudziwa n'chakuti mafuta a antioxidant satchinga dzuwa. Amathandiza khungu kulimbana ndi cheza chimene chalowa kale, choncho malo ake ndi pansi pa mafuta otchinga dzuwa, osati m'malo mwake. Amene amanena kuti mafuta a kokonati kapena a maolivi paokha n'ngokwanira akukusocheretsani, chifukwa mphamvu yawo yotchinga cheza ndi yochepa kwambiri.

Pogula, musakopeke ndi chithunzi cha masamba obiriwira pabotolo. Litembenuzeni n'kuwerenga zimene zasakanizidwamo. Vitamini C wa mtundu wa L-ascorbic acid amagwira bwino ntchito akakhala pakati pa 10 ndi 20 peresenti, ndipo amachita bwino kwambiri akakhala limodzi ndi vitamini E, amene pabotolo amalembedwa kuti tocopherol. Mu 2005, ofufuza a ku Duke University ku America anaonetsa kuti kuthira 0.5 peresenti ya ferulic acid, yemwe amapezeka m'madeya a mpunga ndi mbewu zina, m'mankhwala okhala ndi 15 peresenti ya vitamini C ndi 1 peresenti ya vitamini E kumawirikiza kawiri chitetezo chake. Kafukufukuyu anachitikira pakhungu la nkhumba, komabe ndi amene anachititsa kuti msakanizowu utchuke. Zinanso zimene mungaone ndi EGCG wa m'tiyi wobiriwira ndi resveratrol wa m'makoko a mphesa, ngakhale kuti umboni wake pa anthu sunachuluke ngati wa mavitamini awiri aja.

Musanadzole kunkhope, pakani pang'ono mkati mwa mkono kwa masiku angapo ndipo muone ngati pakutuluka ziwengo kapena pakuyabwa. Kuchokera ku zomera sikutanthauza kuti chinthu n'chosavulaza. Mafuta ena a zipatso za m'gulu la mandimu, monga bergamot, ali ndi mankhwala otchedwa furocoumarins amene akakumana ndi dzuwa amatha kuwotcha khungu mpaka kutulutsa matuza n'kusiya zipsera zakuda zokhalitsa. N'chifukwa chake kupaka madzi a ndimu kunkhope kenako n'kutuluka panja ndi chinthu choyenera kupeweratu.

M'mawa, sambani kunkhope ndi kupukuta bwino. Dzolani madontho ochepa a antioxidant kunkhope, m'khosi ndi kuseri kwa manja, dikirani kuti alowerere, kenako pakani mafuta otchinga dzuwa a SPF 30 kapena kuposa apo (SPF ndi nambala yosonyeza mphamvu yawo yotchinga cheza), olembedwa kuti amateteza ku UVA ndi UVB. SPF 30 imatchinga pafupifupi 97 peresenti ya UVB, pamene SPF 50 imatchinga pafupifupi 98, koma ziwerengerozi zimakwaniritsidwa pokhapokha mutapaka okwanira: munthu wamkulu amafunika pafupifupi mamililita 30 pathupi lonse, ndipo anthu ambiri amapaka ochepera pamenepo. Pakani patatsala mphindi 15 kuti mutuluke, ndipo ngati muli padzuwa bwerezani maola awiri alionse, komanso mukatuluka thukuta kwambiri kapena mukasambira. Makutu, milomo ndi kumbuyo kwa khosi ndi malo amene amaiwalika kawirikawiri. Khungu lakuda lili ndi melanin wambiri, chinthu chimene chimapatsa khungu mtundu wake, ndipo iyeyu amateteza ndithu, koma osati kotheratu, ndipo anthu achialubino amafunika chitetezo chapamwamba tsiku lililonse, pamodzi ndi chipewa chachikulu ndi zovala za manja aatali.

Kasungidwe ka mafuta a antioxidant n'kofunikanso, popeza vitamini C amawonongeka msanga akakumana ndi mpweya, kuwala ndi kutentha. Sankhani botolo losaonekera mkati, makamaka lopopa, osati chitini chotsegula pakamwa chimene mumapisamo chala tsiku ndi tsiku. Litsekeni mwamphamvu ndi kulisunga pamalo ozizira. Madzi ake akasintha kuchoka pooneka oyera kapena achikasu pang'ono n'kukhala ofiirira ngati tiyi, mphamvu yake yatha ndipo ndi bwino kuwataya.