Momwe mungasankhire ndi kuonera kunyumba mafilimu achitchaina a malupanga ndi chikondi

Anthu ambiri akamva za mafilimu achitchaina amathamangira kuganiza za zibakera ndi mateche, koma ulipo mtundu wina umene eni ake amautcha wuxia, umene nkhani zake zimachitika m'nthawi ya mafumu akale a ku China, ndipo ngwazi zake zimamenyana ndi malupanga, kudumpha madenga a nyumba ndi kuyenda pansonga za nsungwi. Abwino kwambiri mwa mafilimu amenewa ndi aja amene ndewu yake imanyamula chikondi chimene anthu awiri akulephera kuuzana chifukwa cha lumbiro, ulemu kapena udindo. Chikondi chotero chimabisika m'mawu ochepa, m'nyimbo ndi m'mitundu ya zovala, n'chifukwa chake chimbale chosakonzedwa bwino chimachiwononga msanga n'kukusiyirani phokoso la malupanga lokha. Amene akufuna kuonera mafilimuwa monga anawakonzera eni ake ayenera kutsata zinthu zingapo asanapise dzanja m'thumba.

Choyamba, dziwani dzina, chaka ndi wotsogolera wa filimu imene mukufuna musanapite kwa wogulitsa kapena pa intaneti, chifukwa zikuto za mafilimu amenewa zimafanana kwambiri ndipo mayina ena amabwerezedwa. Poyambira pabwino ndi Crouching Tiger, Hidden Dragon ya mu 2000, imene anaitsogolera Ang Lee potengera buku la Wang Dulu, ndipo inapata mphoto 4 za Oscar mu 2001. M'filimuyi Chow Yun-fat ndi Michelle Yeoh ndi akatswiri a lupanga amene akondana kwa zaka zambiri osauzana, popeza mkaziyo anali pachitomero ndi mnzake wapamtima wa mwamunayo, ndipo mnzakeyo anamwalira ukwati usanachitike. Pambali pawo pali Zhang Ziyi ndi Chang Chen, achinyamata amene chikondi chawo chinayambira m'chipululu ndipo sichidziwa kudikira. Kusiyana kwa zikondi ziwirizi ndiye fupa la nkhani yonse, ndipo ine ndimaona kuti palibe filimu ina imene ingamulowetse bwino munthu wachilendo m'mtundu umenewu kuposa imeneyi.

Mukaikonda, funani ziwiri za Zhang Yimou. House of Flying Daggers ya mu 2004 nkhani yake ikuchitika m'chaka cha 859, ufumu wa Tang utayamba kufooka, ndipo Andy Lau ndi Takeshi Kaneshiro ndi akuluakulu a apolisi a boma amene akuzungulira mtsikana wovina, aliyense ali ndi chinsinsi chake. Hero ya mu 2002 imafotokoza nkhani imodzi kangapo, ulendo uliwonse ndi mtundu wake wa zovala ndi malo, wofiira, wabuluu, woyera ndi wobiriwira, ndipo ngakhale dzina lalikulu pachikuto ndi la Jet Li, mtima wa nkhani uli pa Tony Leung ndi Maggie Cheung. Ya ku Hong Kong imene simuyenera kuiphonya ndi The Bride with White Hair ya mu 1993, ya Ronny Yu, momwe Brigitte Lin ndi Leslie Cheung akukondana ali m'magulu odana. Koma iyi ili ndi magazi ndi zochitika za akuluakulu, choncho siyoonera ndi ana. Wofuna kuona kumene zonsezi zinachokera afune Come Drink with Me ya mu 1966, imene King Hu anaipangira kampani ya Shaw Brothers. Cheng Pei-pei, amene ndi ngwazi yachitsikana m'filimu imeneyo, ndi yemwe anadzakhala mayi woipa mtima mu Crouching Tiger patapita zaka zoposa 30.

Chachiwiri, tembenuzani chikuto muone nambala ya chigawo. Zimbale za DVD zinagawidwa m'zigawo, ndipo nambala yake imalembedwa pa kachithunzi ka dziko kuseli kwa chikuto. United States ndi Canada ali m'chigawo 1. Britain, mayiko ambiri a ku Ulaya, Japan ndi South Africa ali m'chigawo 2. Hong Kong ndi Taiwan ali m'chigawo 3. China ili m'chigawo 6. Pamene Malawi, Zambia ndi Mozambique ali m'chigawo 5. Izi zikutanthauza kuti chimbale chenicheni chimene m'bale wanu wakugulirani ku Johannesburg kapena ku London chikhoza kukana kusewera ngati pleya yanu inatsekeredwa ku chigawo chimodzi. Mapleya ambiri otsika mtengo amalandira zigawo zonse, koma musangokhulupirira mawu a wogulitsa: tengani chimbale chakunja mukachiyese pomwepo musanalipire. Pa Blu-ray zigawo ndi zitatu zokha, ndipo apa zinthu zatikomera, chifukwa Africa yonse ili m'chigawo B pamodzi ndi Ulaya, pamene Hong Kong, Taiwan ndi America ali mu A, China ili mu C. Choncho zimbale za Blu-ray za makampani a ku Britain monga Eureka, Arrow ndi 88 Films, amene akhala akukonzanso mafilimu akale a ku Hong Kong, ndizo zosavuta kwa ife. Ngati mukuonera pa kompyuta, samalani, pakuti choseweretsa DVD cha m'kompyuta kawirikawiri chimalola kusintha chigawo kasanu kokha kenako n'kudzitsekera pa chomalizacho.

Chachitatu ndicho chofunika kuposa zonse: chilankhulo. Onetsetsani kuti chimbalecho chili ndi mawu a Chitchaina komanso mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi amene mungathe kuwayatsa ndi kuwazimitsa. Chitchaina chili ndi zilankhulo zingapo: mafilimu a Ang Lee ndi Zhang Yimou amene ndatchula ndi a Chimandarini, pamene ambiri a ku Hong Kong a m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 ndi a Chikantonizi. Chimbale chikakhala ndi zilankhulo zonse ziwiri, sankhani chimene chikugwirizana ndi kumene filimuyo inatulukira. Mawu a Chingerezi ojambulidwa pamwamba pa osewera amakakamizidwa kuti afanane ndi kayendedwe ka milomo, motero ziganizo zimafupikitsidwa ndipo kunjenjemera kwa mawu a munthu amene akubisa chikondi kumatayika. Yesaninso mawu a m'munsiwo kwa mphindi zingapo. Mukaona kuti mawu akulembedwa pamene palibe akulankhula, kapena munthu walankhula nthawi yaitali koma palembedwa mawu awiri okha, dziwani kuti anangokopera mawu a Chingerezi ojambulidwa aja m'malo momasulira Chitchainacho.

Za mafilimu omasuliridwa m'Chichewa amene timawapeza m'misika ndi m'mavidiyo a m'makwalala, ndinene kuti athandiza anthu ambiri osawerenga Chingerezi kutsatira nkhani, ndipo luso la omasulirawo silokayikitsa. Komabe womasulira amalankhula ngakhale pamene filimu yakhala chete dala, ndipo nyimbo imatsitsidwa kuti iye amveke. Mu Crouching Tiger nyimbo anaipeka ndi Tan Dun, ndipo kulira kwa cello (choimbira cha zingwe chonga vayolini yaikulu) ya Yo-Yo Ma ndiko kumanena zimene anthu awiri aja sakunena. Ngati m'nyumba muli wina wosawerenga Chingerezi, ndi bwino kumufotokozera mutu wa nkhani filimu isanayambe ndi kuimitsa mwa apo ndi apo kuti mumuunikire.

Chachinayi, onani kukula kwa chithunzi. Mafilimu amenewa anajambulidwa motambalala, ndipo pachikuto pamalembedwa 2.35:1 kapena widescreen, kutanthauza kuti pa TV yanu padzaoneka mizere yakuda pamwamba ndi pansi. Mizere imeneyo si vuto ayi, ndi umboni wakuti chithunzi chilipo chonse. Chimbale cholembedwa full screen kapena 4:3 chinadulidwa m'mbali, moti anthu awiri amene aima motalikirana, wina mbali iyi wina mbali iyo, mumangoonapo mmodzi, pamene mtunda wa pakati pawo ndiwo wojambula amafuna kuti muuone. Pewaninso zimbale zounjika mafilimu 8 kapena 10 pamodzi, chifukwa kuti onse akwane amafinyidwa mpaka masamba a nsungwi ndi nsalu zouluka zimasanduka timabokosi. VCD, imene inatchuka kwambiri ku Hong Kong, nayonso chithunzi chake n'chochepa mphamvu ndipo filimu imodzi imagawidwa pa zimbale ziwiri. Muitenge pokhapokha ngati filimuyo sikupezeka mwanjira ina.

Yang'ananinso kutalika kwa filimu. Crouching Tiger ndi ya mphindi pafupifupi 120 ndipo Hero ndi ya mphindi pafupifupi 99. DVD ya PAL, umene ndi mtundu wa kaonetsedwe ka zithunzi pa TV, monga za ku Britain ndi South Africa, imathamangitsa filimu pang'ono, ndi magawo 4 pa 100 aliwonse, choncho kuperewera kwa mphindi zinayi kapena zisanu kusakudetseni nkhawa, koma kukapitirira pamenepo ndiye kuti china chinadulidwa. Mafilimu ena ali ndi mitundu iwiri yovomerezeka: Ashes of Time ya Wong Kar-wai inatuluka mu 1994, ndipo mwini wake anaikonzanso mu 2008 n'kuwonjezera mawu akuti Redux pa dzina lake.

Mukafika nacho chimbale kunyumba, lumikizani pleya ku TV ndi chingwe cha HDMI ngati malo ake alipo, osati zingwe zitatu zija zachikasu, zoyera ndi zofiira. Pa rimoti sankhani 16:9 kapena Original, osati Zoom. Kenako lowani pa zosintha za chithunzi musankhe Movie kapena Cinema m'malo mwa Vivid, imene imakokomeza mitundu, ndipo zimitsani chosalaza mayendedwe, chimene Samsung imachitcha Auto Motion Plus kapena Picture Clarity, LG TruMotion, ndipo Sony Motionflow. Chimenechi chikakhala choyaka, kuuluka kwa ngwazi kumene akatswiri a ndewu monga Yuen Woo-ping ndi Ching Siu-tung anakukonza ndi zingwe kumaoneka ngati sewero la pa siteji. Mawu a osewera akamamira m'phokoso la malupanga pa masipika a TV, sankhani Stereo kapena 2.0 m'malo mwa 5.1.

Mukamaliza kuonera, chotsani chimbale mu pleya, chigwireni m'mphepete ndi pabowo lapakati, n'kuchibwezera m'chikuto chake. Zikuto muziimike chilili pamalo opanda dzuwa ndi chinyezi. Chimbale chikadetsedwa, chipukuteni ndi kansalu kofewa kuchokera pakati kupita m'mphepete, osati mozungulira, chifukwa kukalika kotsata mzere wozungulira ndiko kumachititsa filimu kudumphadumpha kapena kuima.