Momwe mungazindikirire mwala wa mchenga musanaumangire nyumba ku Zomba

Anthu ambiri amene akumanga ku Matawale ndi ku Chinamwali akukonda miyala yafulati yoyala pakhonde kapena yomata pampanda. Mukafunsa wogulitsa kuti ndi mwala wanji, amangoti, "Ndi wolimba uwu, bwana." Koma miyala imasiyana, ndipo mwala wa mchenga, umene akatswiri amautcha sandstone, suchedwa kuonongeka ndi mvula ya kuno ngati mwausankha kapena kuuyala molakwika.

Yambani ndi kufunsa kumene mwalawo wachokera. Phiri la Zomba ndi la Malosa si a mwala wa mchenga ayi. Ndi a syenite ndi granite, miyala imene inali yosungunuka pansi pa nthaka nkuzizira pang'onopang'ono zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Mwala wa mchenga unapangika mwa njira ina: mitsinje inkaunjika mchenga, wina pamwamba pa unzake, mpaka unaphatikana nkuuma gwa. M'dziko muno umapezeka kwambiri kumpoto, monga ku Livingstonia, kumgodi wa malasha wa Mchenga ku Rumphi ndi ku Kayelekera m'boma la Karonga, komanso kuchigwa cha Shire, monga ku Mwabvi m'boma la Nsanje. Choncho wina akakuuzani kuti ndi mwala wa mchenga wa m'phiri la Zomba, kayikirani.

Kenako gumulani kachidutswa ndi hamala, muone mkati pamene sipanadetsedwe ndi dothi. Mwala wa m'phiri lathuli umaoneka timibulu tolowana, totuwa ndi takuda, tina tonyezimira padzuwa. Wa mchenga umaoneka ngati shuga wabulauni amene wagwirana ndi chinyezi, ndipo m'mbali mwake mumaoneka mizere yosanjikizana. Upukuteni ndi chala mwamphamvu. Mchenga ukamayoyokera m'manja, usiyeni ngakhale atakutsitsirani mtengo. Chenjerani ndi mizereyi: miyala yambiri ya m'zidikha za Zomba, yotchedwa gneiss, nayo ili ndi mizere, koma yake imakhala yopindikapindika, yoyera ndi yakuda, ndipo siyoyoka mchenga.

Chimene ine ndimachidalira kwambiri ndi madzi. Donthezani madzi pang'ono pamwala wouma. Pa syenite madziwo amangokhala pamwamba mpaka ataphwa, pomwe wa mchenga umawamwa nkusiya banga lakuda. Kumwako si mlandu, chofunika nkudziwa kuti ukumwa ochuluka bwanji. Yanikani chidutswa padzuwa mpaka chiume bwino, muchiyeze pasikelo, muchiviike mundowa tsiku lathunthu, kenako muchiyezenso. Chitani zimenezi ndi zidutswa za ogulitsa awiri kapena atatu, ndipo musankhe chimene kulemera kwake sikunasinthe kwenikweni. Mukapeza matope pansi pa ndowa, kapena mwalawo wafewa m'mbali, ndiye kuti mchenga wake unagwirana ndi dongo. Woterewu sungapirire mvula ya mu Januwale ndi chinyezi cha m'tsinde mwa phiri.

Palaninso mwalawo ndi msomali, mudonthezepo viniga paufa umene watuluka. Ukatulutsa tithovu, muli laimu, ngati miyala ya ku Changalume kumene kale ankakumba yopangira simenti. Mwala wotere umadyeka msanga pamalo odontha madzi nthawi zonse.

Mukaugula, mukhale pansi ndi mmisiri wanu. Pomanga khoma, mwala wa mchenga ugone monga unagonera pansi, mizere yake yopingasa. Mukauimika, madzi amalowa pakati pa mizereyo ndipo umayamba kusendeka. Amisiri ena amaganiza kuti kuchulutsa simenti ndiko kulimbitsa, komatu matope omangira olimba kuposa mwala amatsekera chinyezi mkati, mwalawo ndi umene umafumbutuka. Sakanizani simentiyo ndi laimu. Kumaziko ndi m'munsi mwa khoma, mmene mumagwera madzi a padenga, ikani mwala wolimba wa konkuno, wa mchengawo uyambire pamwamba pa pepala lotchinga chinyezi. Pakhonde pakhale kotsetsereka pang'ono kuti madzi asadikhe.

Ngati mukugula miyala yambiri, tengani chidutswa mupite nacho ku dipatimenti ya Geological Survey, yomwe likulu lake lili mumzinda momwe muno, akakuuzeni mtundu wake. Ndipo musagule miyala yoswedwa mozemba m'nkhalango ya phiri la Zomba, chifukwa ndi malo otetezedwa, ndiponso madzi a Mulunguzi amene timamwa amachokera komweko.

Ndere zikamera pakhonde nthawi ya dzinja, tsukani ndi madzi ndi bulashi yofewa. Bulashi ya waya ndi asidi zimachotsa khungu lolimba la pamwamba, ndipo chaka chotsatira nderezo zimamera zochuluka kuposa poyamba.