Momwe mungabzalire bougainvillea kuti ikwere mpanda wanu

Okutobala akafika kuno ku Lusaka kapinga amapsa, maluwa ambiri amafota, koma bougainvillea ndi pomwe imadzaza mipanda ndi maluwa ofiira, apinki ndi oyera. Kwawo ndi ku South America, imakonda dzuwa, ndipo ikagwira imakhala zaka zambirimbiri osafuna kuthiriridwa tsiku ndi tsiku. Kwa ife amene madzi apampopi amatifika mwa apo ndi apo, komanso pampu imaima magetsi akazima, duwa lotiyenera ndi limeneli.

Mbande zimapezeka kwa ogulitsa maluwa m'mphepete mwa misewu ikuluikulu. Koma muzisamala. Ena amadula nthambi yamaluwa kale m'mawa, n'kuitsomeka m'thumba la dothi, masana akugulitsani pa mtengo wa mbande yokhwima. Suzumirani pansi pa thumba ngati timizu tikutuluka pa timabowo, ndipo gwedezani tsinde pang'ono. Likamasuntha, isiyeni imeneyo. Ngati ndalama zavuta, pemphani nthambi kwa aneba. Dulani yokhwimirako, yotalika masentimita 20, chotsani masamba am'munsi, muitsomeke mu mchenga wakumtsinje wosakaniza ndi dothi lakuda, muike pamthunzi. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu imakhala yamera mizu.

Tsiku lowokera ndi lomwe linandiphera mbande zanga zoyamba, ndiye apa ndifotokoze bwinobwino. Mizu ya bougainvillea ndi yopyapyala ngati tsitsi ndipo siigwira dothi. Mukangoinyamula pa tsinde n'kuisolola m'thumba, dothi lonse limayoyoka, timizu n'kuduka. Tsiku limenelo imaoneka bwino ndithu. Mawa lake nsonga zimazolika, kenako masamba amauma n'kuthothoka, ndipo ngakhale muthire madzi ochuluka bwanji nthawi zambiri siidzukanso.

Chitani chonchi. Thirirani thumbalo kutatsala tsiku limodzi kuti dothi ligwirane. Kumbiranitu dzenje pamalo owomba dzuwa tsiku lonse, theka la mita kuchokera pa khoma. Tengani lezala mudule pansi pa thumba mozungulira, dzanja lina litachirikiza dothi. Tsitsani mbande m'dzenje thumba lili pomwepo, kenako ng'ambani m'mbali kuchokera pansi kupita pamwamba, muchotse pulasitikiyo pang'onopang'ono mukukwirira. Musapondepo ndi phazi ayi, tsinderani ndi manja chapatali ndi tsinde. Tsinde lisalowe pansi kuposa momwe linalili m'thumba. Nthawi yabwino ndi madzulo mu Disembala, mvula itakhazikika.

Chinanso ndi madzi odikha. Bougainvillea imapirira chilala koma mizu yake imawola ikakhala m'madzi. Ngati muli ku Kanyama kapena ku Chawama kumene madzi amaima dzinja lonse, unjikani kachulu ka dothi mubzale pamwamba pake, kapena dulani diramu pakati muiboole pansi. Ogula dothi lakuda la pa lole, litapeni m'manja musanalipire, chifukwa lina limabwera lodzaza ndi dawe ndi zidutswa za mabotolo.

Chaka choyamba muzithirira kawiri pa sabata m'chilimwe. Ikakula isiyeni imve ludzu, ndi pomwe imachita maluwa ambiri. Feteleza wa Urea musathire, amangochulukitsa masamba. Kadzanja kamodzi ka feteleza wa Compound D mvula ikamayamba, kapena manyowa a nkhuku owolerana, n'zokwanira.

Kokani waya pa khoma muzimangirirapo nthambi, poti payokha siigwira. Maluwa akatha duliraniko nsonga kuti iphukire zina, ndipo muvale magolovesi chifukwa minga yake imabaya kwambiri. Ngati pamwamba pa mpanda pali waya wamagetsi, muzidula nthambi zisanafike pamenepo.