Momwe mungatchunire majeti a kabuleta ya njinga yamoto pogwiritsa ntchito sensa ya AFR

Amakaniko ambiri amatchuna kabuleta ndi khutu, kenako n'kumasula pulagi kuti aone ngati yada kapena yayera. Njirayi yathandiza anthu kwa zaka zambiri, koma pulagi sikuuzani kuti vuto lili pamoto wochepa, wapakati kapena pomwe mwakoka moto wonse. Sensa ya AFR (air-fuel ratio, muyezo wa mpweya ndi petulo) imanunkhiza utsi wa mu ekizozi nthawi yomweyo n'kukuonetsani nambala, ndipo mumaona ndi maso jeti (kachitsulo ka bowo komwe petulo amadutsira m'kabuleta) yomwe ikulakwitsa.

Nambalayo ndi kulemera kwa mpweya poyerekeza ndi petulo. Petulo amapsa yense bwinobwino pa 14.7, kutanthauza magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo. Nambala ikatsika, monga 12, petulo wachuluka. Ikakwera, monga 16, petulo wachepa. Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka tsiku loyamba. Ndipo musathamangire 14.7 paliponse. Injini yozizira ndi mphepo imafuna petulo wochulukirapo pang'ono kuti isatenthe, ndipo mphamvu zambiri zimapezeka pakati pa 12.5 ndi 13.2.

Zofunika kukhala nazo

Gulani sensa ya wideband, monga zija zogwiritsa ntchito Bosch LSU 4.9, pamodzi ndi geji yake. Sensa ya narrowband, yomwe imapezeka m'magalimoto ambiri, imangodziwa ngati muli pamwamba kapena pansi pa 14.7, choncho pa ntchito iyi ilibe phindu. Mufunikanso nati yowotcherera pa ekizozi ya mazinga a M18 x 1.5, majeti angapo okulirapo ndi ocheperapo kuposa omwe alimo, tepi, cholembera ndi kabuku.

Gulani majeti a kampani yomwe inapanga kabuleta yanu. Nambala 120 ya Keihin si yofanana ndi 120 ya Mikuni.

Choyamba: konzani njinga musanakhudze jeti

Tsukani kabuleta, onani ngati float (choyandama chomwe chimalamulira kuchuluka kwa petulo m'kabuleta) ili pa msinkhu womwe buku la njingayo likunena, tsukani kapena kusintha sefa ya mpweya, ndipo muyeze mipata ya mavalavu. Kenako fufuzani ming'alu pa labala yolumikiza kabuleta ndi injini, ndi pomwe ekizozi yakumana ndi injini. Kabowo kakang'ono pa ekizozi kamalowetsa mpweya wakunja, sensa n'kumati petulo wachepa pomwe sanachepe. Inu mumaika jeti yaikulu, njinga n'kuyamba kufuka utsi wakuda, geji ikadali kunena zomwezo. Njinga zina zili ndi kapaipi kothira mpweya mu ekizozi pofuna kuchepetsa utsi woipa. Katsekeni pa nthawi yoyezayi.

Chachiwiri: ikani sensa

Wotcherani nati ija pa paipi ya ekizozi, kutali ndithu ndi kumapeto kotulukira utsi, chifukwa pa njinga ya silinda imodzi mpweya umabwerera m'paipi pakati pa kuphulika kulikonse. Isayandikirenso kwambiri ku injini komwe kuli kutentha koopsa. Mbali ya mawaya ya sensa iloze m'mwamba pang'ono, madigiri osachepera 10, kuti madzi a nthunzi asadikhe m'kati mwake. Ili ndi hita yake, ndiye lumikizani magetsi ake kuti iziyaka ndi kiyi. Musayendetse njinga sensa ili m'paipi koma yosayaka, imatsekeka ndi mwaye. Musaisiyenso ikutentha nthawi yaitali injini yozizira isanalizidwe, madontho a madzi akaigunda ili yotentha imasweka.

Chachitatu: lembani zizindikiro pa chogwirira cha moto

Matani tepi pa chogwirira ndipo mulembe pomwe pali moto wotseka, 1/4, 1/2, 3/4 ndi moto wonse. Zikuoneka ngati zachibwana, koma popanda zimenezi mudzangolota. Kabuleta imagawa ntchito motere: pilot jet ndi sikulu yake zimalamulira kuyambira pa idle (injini ikungolira, moto uli wotseka) mpaka cha pa 1/4, singano imalamulira kuyambira 1/4 mpaka 3/4, ndipo main jet imatenga ulamuliro kuchokera pa 3/4 mpaka kumapeto. Magawowa amalowererana, sakhala ndi malire enieni. Pa kabuleta ya CV, yomwe slide yake (kachitsulo konyamula singano) imakwezedwa ndi kukoka kwa mpweya, zizindikirozi zimangokupatsani chithunzi chabe.

Chachinayi: yambani ndi main jet

Tenthetsani injini poyenda mphindi 10 kapena 15, choko chili chozimitsa. Pezani msewu wowongoka, wopanda anthu, makamaka wokwera pang'ono kuti injini ilemedwe. Pa giya 3 kapena 4 kokani moto wonse mpaka injini ifike pamwamba. Musamayang'ane geji uku mukuthamanga. Mangirirani foni ijambule geji ndi chogwirira pamodzi, mukaonere mutaima.

Mukufuna nambala ya pakati pa 12.5 ndi 13.2. Mukaona 14 kapena kuposa, bwezani moto nthawi yomweyo, chifukwa petulo wochepa pamoto wonse ndi amene amaboola pisitoni. Ikani jeti yokulirapo. Mukaona 11, njinga ikulira mogwedera ngati yatsamwa, tsikani saizi imodzi. Ine ndimakonda kuyamba ndi jeti yaikulu n'kumatsika, pakuti petulo wochuluka amangodetsa pulagi basi. Sinthani chinthu chimodzi pa ulendo umodzi ndipo mulembe m'kabuku. Mukasintha jeti ndi singano nthawi imodzi, simudziwa chomwe chathandiza.

Chachisanu: singano

Apa ndi pomwe njinga imathera moyo wake wonse, choncho musafulumire. Gwirani moto pa 1/2 osasuntha dzanja kwa masekondi angapo, kenako chitani chimodzimodzi pa 1/4 ndi pa 3/4. Poyenda mwakachetechete, 13.5 mpaka 14.5 ndi bwino. Singano zambiri zili ndi timizere kumutu komwe kumalowa kakilipi. Kakilipi kakatsikira pa mzere wa m'munsi, singano imakwera ndipo petulo amachuluka. Kakakwera, singano imatsika, petulo n'kuchepa. Kakilipi kameneka kamadumpha ngati nthata, ndiye kachotsereni m'kati mwa pepala la pulasitiki. Singano yopanda timizere imakwezedwa ndi tiwashala topyapyala pansi pa mutu wake.

Mukakoka moto mwadzidzidzi geji imalumphira m'mwamba kwa kamphindi, mukatseka moto pa liwiro imathawanso. Zimenezo musazitsate. Dziwaninso kuti injini ikamaphonya, mpweya wosapsa umadutsa pa sensa ndipo geji imanena kuti petulo wachepa ngakhale atachuluka mpaka kunyowetsa pulagi. Mvetserani injini, musangokhulupirira nambala.

Chachisanu ndi chimodzi: idle

Injini ili yotentha, tembenuzani sikulu ya mixture, ija ya pilot jet, pang'onopang'ono, kota imodzi, n'kudikira geji ikhazikike. Sikulu ikakhala mbali ya injini, kumasula kumawonjezera petulo. Ikakhala mbali ya sefa, kumasula kumawonjezera mpweya. Njinga zambiri zimalira mosalala pakati pa 13 ndi 14. Ngati mwamasula mpaka kupitirira maulendo 3, kapena sikulu yatsala pang'ono kutsekeka, vuto ndi saizi ya pilot jet, isintheni. Pomanga sikuluyi mpaka kumapeto musaikakamize, nsonga yake imathyoka.

Mukamaliza yendaninso ulendo umodzi wodutsa magawo onse. Lembani m'kabuku nyengo ya tsikulo, chifukwa mpweya wozizira umachititsa nambala kukwera, pomwe kutentha ndi kukwera mapiri kumaitsitsa. Kenako masulani sensa, tsekani bowo ndi bawuti ya mazinga omwewo, ndipo ngati munatseka kapaipi ka mpweya kaja, katseguleni.