Malaiti akapita zulani pulagi, ndi zina zosungira zala mu wekishopu

Ine ndimapala matabwa ku Kalingalinga, chakufupi ndi msewu wa Alick Nkhata paja mukamadutsa mumaona mabedi, mawadiropu ndi zitseko zili ndandanda m'mbali mwa msewu. Ntchito iyi ndi imene yandilerera ana ndipo ndimaikonda, koma chimandiwawa mtima nchakuti mukazungulira mawekishopu athu, kuno, ku Garden, ku Chawama olo ku Matero, mukamapatsana moni wa m'manja ndi makalipentala simuchedwa kugwira dzanja loperewera chala. Ena tinafika pozolowera ngati ndi chizindikiro choti munthu wakhalitsa pa ntchito. Ayi abale, chala sichiphukanso. Ndiye izi ndikulembera anyamata amene mwangoyamba kugwira makina, komanso inu mabwana amene muli ndi anyamata pa shopu.

Ndiyambire pa malaiti chifukwa kuno ku Lusaka ngozi yathu yaikulu imabisala pamenepo. Mu 2024 madzi atachepa ku Kariba tonse tikukumbuka mmene zinalili, malaiti kupita tsiku lonse kubwera usiku, maoda a makasitomala kuunjikana. Tsiku lina mnyamata wanga ankang'amba pulanga pa tebulo sowo malaiti nkupita pulanga ili pakati, iye anangoisolola nkusiya switchi mmene inalili, patapita nthawi akuti poti kulibe magetsi bola ndisinthiretu bulede yabunthayi. Ine ndinali panja ndi kasitomala. Malaiti anabwera sipanala ili pa nati. Mulungu anatichitira chifundo, sipanala ndi imene inauluka kukamenya malata, iye anangochekeka pachikhatho, koma mpaka lero ndikakumbuka thupi limandizizira, ndipo wolakwa ndinali ine chifukwa ndinali ndisanamukhazike pansi kumuuza bwinobwino.

Kuyambira tsiku limenelo lamulo pa shopu yanga ndi ili: malaiti akangoti thi, aliyense azimitse switchi ya makina amene ali nawo, azule pulagi pa soketi, ndipo pulagiyo aiike pamwamba pa makina poonekera. Posintha bulede, disiki, mipeni ya pulena kapena biti ya rauta chimodzimodzi, olo malaiti alipo olo kulibe, pulagi ikhale pomwe maso anu akuiona musanaike dzanja. Switchi yokha musaikhulupirire, mnzanu akhoza kuigunda ndi chigongono atanyamula thabwa. Makina ambiri amene timagwiritsa ntchito mu komboni ndi owotcherera konkuno, mota pansi pa tebulo ndi switchi wamba ya pakhoma, ndiye magetsi akabwera amangodzuka okha. Pali switchi ina ya mabatani awiri, wobiriwira ndi wofiira, imatchedwa NVR, imeneyo magetsi akapita imadzimasula yokha ndipo makina sayaka mpaka munthu adine wobiriwira. Mukapeza kandalama ka oda yabwino muitaneni elekitirishani akuikireni, ndipo batani lofiiralo likhale poti mutha kulimenya ndi bondo manja onse ali pa thabwa.

Manje tebulo sowo yeniyeniyo. Ambiri amaopa mano okha, koma chimene chimapweteka anthu kwambiri ndi thabwa kubwerera. Bulede imazungulira maulendo cha m'ma 3000 mpaka 4000 pa mphindi imodzi, ndipo mano a kumbuyo amakhala akukwera m'mwamba kulunjika kwa inu. Pulanga ikapana bulede kumbuyoko, mano amainyamula nkuiponya pamimba kapena kumaso, ndipo dzanja limene linali kukankha limangopitirira lokha kukagwera pa mano, zonsezi zimachitika musanaphethire. Mapulanga a paini amene timagula ku Buseko nthawi zambiri amakhala asanaume bwino, mukamawang'amba mpata wodulidwawo umatsekeka wokha kumbuyo, olo mukwa wopindika umachitanso zomwezo. Nchifukwa chake kuseri kwa bulede kumafunika kachitsulo kopyapyala koimirira kamene kamatchedwa riving knife, ntchito yake nkugwira mpatawo kuti usatsekeke. Ndimaona anthu akukachotsa akuti kamachedwetsa, kenako nkukataya. Ngati makina anu alibe, wowotcherera akhoza kukupangirani, chachikulu kalunjike mzere umodzi ndi bulede ndipo kachepeko pang'ono kuyerekeza ndi mpata umene mano amadula.

Bulede musaikweze kwambiri, mano angotulukira pang'ono pamwamba pa thabwa, ngati theka la sentimita basi. Poima imani chapambali, osati kumbuyo kwenikweni kwa mzere wa bulede, ndipo muonenso kuti kumbuyo kwanu kulibe mnzanu amene wawerama akumenya sandipepa. Thabwa lizitsamira fensi, kachitsulo kapena kathabwa kowongolera kamene kamakhala pambali pa bulede, nthawi zonse, zodula mongoyerekeza ndi maso pa tebulo sowo ndi zimene zimapotoza thabwa nkupana bulede. Ndipo tizidutswa tatifupi musatidule mopingasa titatsamira fensi, kachidutswa kamakanirira pakati pa fensi ndi bulede nkuuluka ngati mwala wa legeni.

Kamtengo kokankhira. Apa sindimva chifukwa chilichonse, chifukwa sikagulidwa, mumangotenga chotsala cha pulayiwudi nkuchidula kukhala ndi kachidendene kogwira kumapeto kwa thabwa, mphindi zisanu katha. Pangani tiwiri titatu muzimangirire ndi chingwe pa makina pomwepo, poti kakasowa munthu amati aaa ndingomaliza kamodzi aka ndi dzanja, ndipo kamodzi komweko ndi kamene kamadya chala. Thabwa likakhala lopapatiza moti chikhatho chanu chotambasula sichikwana pakati pa fensi ndi bulede, tengani kamtengo. Tizidutswa totsala pafupi ndi mano tisiyeni mpaka bulede iime kuti zii, imapitiriza kuzungulira mwakachetechete olo mutazimitsa, ndipo ikamathamanga mano ake saoneka.

Matabwa akale ndi a mapaleti muziwayang'anitsitsa kaye, msomali umodzi wobisika umathyola dzino la bulede nkukuponyerani m'diso.

Pa pulena nkhani ndi yaifupi koma yolemera. Thabwa lochepera masentimita 30 musalipititse pa mipeni, limapendama nkugwera mu mpata zala nkutsatira. Zala zisalendewere kumapeto kwa thabwa kapena m'mbali, kankhani ndi kathabwa kokhala ndi chogwirira pamwamba, ndipo mbali ya mipeni imene simukugwiritsa ntchito ikhale yophimbidwa. Mukanola mipeni nkubwezera, mabauti onse muwamange nokha muwabwerezenso kachiwiri, musatume mwana amene wabwera dzulo.

Koma chimene ndikupemphani ndi mtima wonse ndi cha girayinda. Musamange bulede ya matabwa ya mano ija pa girayinda, chonde. Ndikudziwa chifukwa chake timatero, sekula sowo ndi yodula ndipo girayinda ili kale pa shopu, koma girayinda yaing'ono ya disiki ya mamilimita 115 imathamanga maulendo cha m'ma 11000 pa mphindi, mano akangokodwa mu mfundo ya thabwa chida chonse chimadumpha kuchoka m'manja nkubwera ku ntchafu, pamimba olo pakhosi, ndipo palibe munthu wa mphamvu zoti angachigwire. Chinanso ndi kutenga disiki ya girayinda yaikulu ya 230 imene yatha pang'ono nkuimanga pa yaing'ono gadi, chophimba disiki chija, itachotsedwa. Disiki yaikuluyo inapangidwira liwiro la cha m'ma 6500, mukaithamangitsa kuposa pamenepo imaphulika. Pa disiki iliyonse amalemba liwiro lake, ndipo pa kachitsulo ka pakati amadindapo deti yothera, werengani musanagule. Disiki imene yagwa pansi, yanyowa kapena yang'aluka m'mphepete itayeni. Yodulira ndi yodulira chabe, musapalire nayo cham'mbali poti ndi yopyapyala. Gadi ikhalepo, chogwirira cha pambali chikhalepo, manja awiri, ndipo chimene mukudula chimangidwe ndi kilampu osati kuchiponda ndi phazi. Dirilo nayonso, kachitsulo kakang'ono mukakagwira ndi dzanja biti ikakodwa kamazungulira nkukuchekani.

Za zovala anthu amasokoneza chinthu chimodzi. Magolovesi ndi abwino ponyamula mapulanga ndi malata, koma pa makina ozungulira avuleni, chifukwa nsalu ikakodwa sing'ambika msanga, imakoka dzanja lonse. Manja a ovolosi apindeni kapena mumange mabatani, mphete, tcheni ndi wotchi zikhale m'thumba, azimayi amene mwalowa ntchitoyi tsitsi ndi duku zimangidwe bwino. Mapatapata siyani kunyumba, valani jombo. Magalasi oteteza maso ndi otchipa kuposa bulede imodzi, ndipo a dzuwa aja si omwewo.

Makutu ndi chifuwa zimawonongeka pang'onopang'ono ndiye sitizilabadira. Phokoso lofika madesibelo 85 kwa maola 8 limayamba kale kuwononga makutu, ndipo pulena ndi rauta zimapitirira pamenepo. Njira yosavuta yodziwira, ngati mnzanu ali pafupi poti mungamugwire koma mukuchita kukuwa kuti amve, valani zotseka m'makutu. Kulira kwa m'makutu kuja usiku mukagona ndi chenjezo. Utuchi nawo si fumbi wamba, mu 1995 bungwe lofufuza za khansa pa dziko lonse la IARC linaika fumbi la matabwa pa gulu la zinthu zoyambitsa khansa, makamaka ya m'mphuno, ndipo limayambitsanso mphumu. MDF, bolodi ija yopangidwa ndi utuchi wopanikiza, ndiye yoipa kwambiri chifukwa fumbi lake ndi losalala ngati ufa ndipo muli guluu wa mankhwala. Kansalu komanga pamphuno sikagwira fumbi laling'onolo, pezani masiki yolembedwa FFP2 kapena N95 yogwira bwino pankhope. Popopera vanishi ndi thinala masiki ya fumbi sithandiza, pamafunika ija ya mafiluta a mankhwala, ndipo muzipopera panja pamphepo. Zija timauzana kuti ukamwa mkaka fumbi limatsuka si zoona, mkaka umapita m'mimba, fumbi lili m'mapapo.

Magetsi athu ndi a mavoti 230, okwanira kupha munthu wamkulu. Zolowetsa mawaya opanda pulagi mu soketi nkupanikiza ndi timitengo ta machesi tisiye, pulagi ya mapini atatu igulidwe ndipo waya wa earth alumikizidwe, makamaka pa makina a chitsulo owotcherera aja. Nthambo yolumikiza ndi pepala la pulasitiki idulidwe ilumikizidwe bwino. Nthawi ya mvula, kuyambira Novembala mpaka cha mu Epulo, madera ngati Kanyama madzi amalowa mpaka m'mashopu, nthambo zichoke pansi zipachikidwe m'mwamba ndipo musagwire makina mutaponda ponyowa. Pa bokosi la magetsi pakhale earth leakage ya 30 mA, switchi imene imagwa yokha magetsi akayamba kudutsa posayenera monga m'thupi la munthu, muzidina batani lake loyesera nthawi ndi nthawi muone ngati ikugwetsa. Nthambo ya pa wilo ija muziitambasula yonse mukalumikiza makina akulu, ikakhala yokulunga imatentha. Jenereta ikhale panja kutali ndi khomo, utsi wake uli ndi mpweya wa carbon monoxide umene sununkha, mutu ukayamba kuwawa ndi chizungulire tulukani msanga, ndipo petulo muzithira itazima itazizira.

Moto sitiuganizira mpaka utachitika. Utuchi, thinala ndi mbaula ya mu Juni pamalo amodzi ndi tsoka, nthetche za girayinda nazo zimagwera mu utuchi nkumanyeka mobisa mpaka usiku anthu ataweruka. Sesani tsiku lililonse, fodya akasutire kunja, nsanza zopukutira mafuta a linseed musaziunjike poti zimatentha zokha nkuyaka, ziyanikeni motambasula kapena ziviikeni m'madzi. Chozimitsira moto cha ufa chikhale pafupi ndi khomo, olo ndowa ya mchenga poyambira.

Ndiye pali za mutu wa munthu. Kasitomala akuimba foni akufuna bedi lake lero, malaiti abwera 22 koloko, thupi latopa, apa ndi pamene timavulala. Ine ndinasankha kuti bola kasitomala andikalipire. Amene walawako kachasu olo chibuku asayandikire makina tsiku limenelo, ngakhale akhale m'bale wanu. Munthu akamadula musamuitane kapena kumugwira paphewa, dikirani amalize. Ana a mu komboni amakonda kubwera kudzatola tizidutswa ndi utuchi, muwaikire thumba lawo panja asalowe mkati. Mabwana, mnyamata watsopano ayambe waonerera masiku angapo, makina aliwonse mumuonetse nokha pozimitsira asanadziwe poyatsira, ndipo antchito anu muwalembetse ku Workers' Compensation Fund Control Board kuti akavulala asasiyidwe okha. Amene mungathe, makosi a ukalipentala m'masukulu olembetsedwa ndi TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, amaphunzitsa zinthu zimene pa msewu timazidumpha.

Ngozi ikachitika, choyamba zimitsani makina. Ngati munthu wagwidwa ndi magetsi musamukhudze, gwetsani switchi yaikulu kapena mukankheni ndi thabwa louma. Pa bala panikizani mwamphamvu ndi bandeji kapena nsalu yoyera, dzanja likwezedwe m'mwamba, nsalu ikanyowa onjezani ina pamwamba osachotsa yoyambayo. Musathirepo utuchi, guluu, thinala kapena mafuta a mabuleki monga ena amachitira. Kanthu kakabaya diso musakazule ndipo musatikite, phimbani mopepuka mupite naye. Chala chikaduka chitoleni, chikulungeni mu kansalu koyera konyowa pang'ono, muike mu pulasitiki yomanga bwino, pulasitikiyo muike mu chigubu cha madzi a ayisi, chalacho chisakhudze ayisi mwachindunji. Musadikire kuti tione mawa, pezani galimoto nthawi yomweyo kupita ku chipatala cha UTH kapena cha Levy Mwanawasa, wovulalayo asadye asamwe panjira poti mwina akalowa ku fiyeta, ndipo mukafika muwauze nthawi imene ngoziyo yachitika komanso ngati anabayitsapo jakisoni wa kafumbata.