Musanagule burner ya ma DVD onani kaye izi

Anthu amati ma DVD anatha pano aliyense ali ndi fulashi kapena foni, koma pitani ku mpingo mukaone, kwaya ikajambula vidiyo imafunabe zimbale zoti izigulitsa pakhomo la tchalitchi anthu akamaweruka, a ukwati nawo amafuna chimbale choti akapatse agogo kumudzi komwe kuli deki ndi sikirini basi, ndiye ife obena ntchito ikadalipo ndithu. Chovuta nchakuti malaputopu ambiri atsopanowa akumabwera opanda polowetsera chimbale, nde umayenera kugula burner padera, ka makina kolembera zinthu pa chimbale, ndipo apa mpomwe ndalama za anthu zikumapita ulele.

Ineyo yanga yoyamba ndinagula ya kaunjika pa shopu ina mtauni, kutsogolo kwake kunalembedwa DVD mooneka bwino ndiye sindinafunsenso zambiri. Kufika kunyumba CD ndinabena bwinobwino, kuika DVD yopanda kanthu pulogalamu ikungondiuza kuti ikani chimbale cholembeka pomwe chimbalecho chili momwemo, ndinasintha zimbale zitatu ndikuganiza kuti mwina nzakufa. Kenako nditayang'anitsitsa ka pepala kapamwamba kaja ndi pomwe ndinaona kuti panalembedwa DVD-ROM/CD-RW. Imeneyi amaitcha combo, imawerenga DVD koma kubena imabena CD yokha. Ndiye chinthu choyamba, mawu akuti DVD paokha asakunamizeni, mukaona ROM pambuyo pa DVD dziwani kuti imeneyo ndi yoonera basi.

Pano tiyeni ku nkhani ya minus ndi plus yomwe imasokoneza ambiri. Mukatenga zimbale zopanda kanthu mupeza zina zalembedwa DVD-R zina DVD+R, kuziona zimafanana, kukula nkumodzi 4.7GB, koma kalembedwe kake mkati nkosiyana. Zinayamba ndi mkangano wa makampani. Ya minus inayambitsidwa ndi Pioneer mu 1997 pansi pa gulu la DVD Forum, kenako Philips, Sony, HP, Ricoh ndi anzawo anapanga gulu lawo la DVD+RW Alliance nkutulutsa zawo, DVD+RW mu 2001 ndi DVD+R mu 2002. Nthawi imeneyo ukagula burner ya minus zimbale za plus sizimalowa, ya plus nayonso imakana za minus. Sony ndi amene anatulutsa yobena zonse ziwiri mu 2002, ndipo patangopita zaka zochepa pafupifupi burner iliyonse inayamba kutero. Nchifukwa chake yatsopano ya m'katoni simungadandaule nayo kwambiri pa nkhaniyi, koma ya kaunjika yozulidwa m'kompyuta yakale muziisamala, ikhoza kukhala ya mbali imodzi.

Bwanji osangogula ya mbali imodzi nkumagula zimbale zomwezo? Chifukwa kuno sumasankha, lero kumsika kuli DVD-R mawa wapeza DVD+R yokhayokha, kasitomala wina amabweranso ndi zake m'thumba kuti mundibenere pa izi. Komanso ma deki akale ena amakonda mtundu umodzi, makamaka akalekale aja amawerenga minus mosavuta kuposa plus, nde ukakhala ndi burner yobena zonse umatha kumubenera munthu pa chimbale chomwe deki yake ikuvomera.

Choti muyang'ane pa katoni kapena pa thireyi ndi mawu akuti DVD±RW, ka plus pamwamba ka minus pansi, kenako DL (chimbale cha magawo awiri), kapena mawu akuti Super Multi omwe mumawaona kwambiri pa za LG. Super Multi ndiye kuti imabena DVD-R, DVD+R, DVD-RW, DVD+RW, za DL komanso DVD-RAM, kuphatikiza ma CD-R ndi CD-RW. R yokha ndi chimbale chobena kamodzi, ukalakwitsa chapita. RW chimafufutika nkubenanso mpaka maulendo pafupifupi 1,000, ine ndimasunga ziwiri zitatu za RW zoyesera, ndimayamba kubena pamenepo nkuonera pa deki kuti menyu ili bwino mawu sakutsalira, ndikakhutira mpomwe ndimakhudza zimbale za kasitomala. DVD-RAM musataye nayo nthawi kwambiri, ma deki ambiri saiwerenga, imangothandiza ngati muli ndi zimbale zakale zochokera mu ma rekoda kapena makamera a Panasonic zoti mukopere.

Pa DL ndiye ndiimepo pang'ono. Chimbale cha DL chili ndi magawo awiri osanjikizana mbali imodzi yomweyo, chimanyamula 8.5GB, DVD+R DL inatuluka mu 2004 ya minus nkutsatira mu 2005, ndiye burner yakale kuposa pamenepo singabene DL olo mutatani. Chimbale wamba cha 4.7GB chimanyamula vidiyo ya maola awiri ikuonekabe bwino, ndipo musadabwe Windows ikamaonetsa 4.38GB, sanakubereni ayi nkawerengedwe chabe. Koma ukwati wa kwathu kuno mukuudziwa, kutchalitchi, kojambulitsa zithunzi, kuholo perekaniperekani mpaka dzuwa kulowa, maola anayi asanu amakwana. Ukapanikiza zonsezo pa chimbale chimodzi cha 4.7GB nkhope zimangokhala timabokosi, anthu akamavina sungazindikire kuti mkwatibwi ndi uti. Apa mpomwe DL imaoneka ngati yankho, ndipo burner yanu ikhale nayo ndithu, koma ineyo kunena chilungamo ukwati wopita kumudzi ndimaugawa pa zimbale ziwiri wamba. Ndinabenapo wa msuweni wanga pa DL, pa kompyuta umayenda bwino mpaka kumapeto, kukafika kwa azakhali deki inasewera bwinobwino kufika pakati pomwe laser imadumphira gawo lachiwiri, pompo chithunzi chinauma mkwati atayasamula kukamwa akulandira keke, ana kuseka, azakhali kundiimbira kuti chimbale chako chafa. Zimbale za DL nzodulanso ndipo sizipezeka paliponse.

Kenako sankhani, ya mkati kapena ya USB. Ngati muli ndi desikitopu ndipo mumabena zambiri tengani ya mkati yaikulu ija, monga LG GH24 kapena ASUS DRW-24, imathamanga mpaka 24x pa DVD wamba, ndiyolimba ndipo siitentha msanga. Koma tsegulani kompyuta muone kaye zingwe, zatsopano zonse ndi SATA ka chingwe kakang'ono kopyapyala, pomwe makompyuta akale ali ndi IDE chingwe chotambalala chija cha mapini 40, ziwirizi sizilowana. Ngati ndi laputopu ndiye ya USB yopyapyala ija, zambiri zimathera pa 8x. Imeneyi vuto lake lalikulu ndi moto, imadya kuchokera ku USB komweko ndipo USB 2.0 imapereka 500mA yokha pomwe USB 3.0 imapereka 900mA, ndiye mukamva ikungoti tiki tiki chimbale chikuzungulira nkuima, kawirikawiri si kufa koma njala. Ilowetseni pa doko la buluu lija la USB 3.0, kapena mupeze chingwe cha mitu iwiri cholowa madoko awiri, ndipo musaidutsitse pa hub yopanda adaputala yake. Ofuna kusintha ya mkati mwa laputopu ayeze kaye, zilipo za 12.7mm ndi za 9.5mm.

Za sipidi musatengeke nazo. 1x pa DVD ndi pafupifupi 1.4MB pa sekondi, pa 16x chimbale chodzadza chimatha mu mphindi ngati zisanu ndi imodzi, pa 8x mphindi khumi kapena kucheperapo, kusiyana kwake nkochepa moti simungakumve pokhapokha mukubena mazanamazana, ndipo ngati ndi choncho mukufunika duplicator ija ya ma thireyi ambiri osanjikiza osati burner imodzi. Ine vidiyo ndimabena pa 6x kapena 8x olo chimbale chilembedwe 16x, zothamangitsa zija nzimene zimakadumphadumpha pa deki yotopa.

Ndiye mukafika pa shopu musangokhulupirira pakamwa pa wogulitsa, makamaka za USB zopanda dzina zija, kunja katoni yowala mkati anangoikamo drive yakale yozula mu laputopu. Pitani ndi laputopu yanu muli ImgBurn, ndi pulogalamu yaulere, komanso zimbale zanu, DVD-R imodzi DVD+R imodzi ndi RW. Lowetsani burner, mu ImgBurn pitani pa Tools kenako Drive kenako Capabilities, ikuonetsani mitundu yonse yomwe imawerenga ndi yomwe imalemba, yang'anani mbali ya kulemba kuti minus, plus ndi DL zonse zachongedwa. Dzina lenileni la drive limaonekanso pompo kapena mu Device Manager, mukaona HL-DT-ST imeneyo ndi ya Hitachi-LG, TSSTcorp ndi ya Toshiba Samsung, Optiarc inali ya Sony, ya TSSTcorp anasiya kupanga zaka zapitazo ndiye mukaiona mu katoni yoti ndi yatsopano mudziwiretu kuti mkatimo ndi nkhalamba. Kenako benani chimbale chimodzi chodzadza pompo mutachonga Verify yotsimikizira kuti zalembeka bwino, chifukwa burner imakhala ndi laser ya CD payokha ya DVD payokha, ina ikhoza kufa inzake ikugwira, ndiye wogulitsa akakuyeserani ndi CD ya nyimbo sizikutanthauza kuti DVD ibena. Akakana kuti muyese tulukani.

Koma olo burner ikhale yabwino chotani, pali zina zomwe anthu amaiimba nazo mlandu pomwe ilibe chifukwa. Wina amangokoka fayilo ya MP4 nkuponya pa chimbale nkumati wabena DVD, ayi icho ndi chimbale cha data, deki yakale ingolemba kuti No Disc kapena kuonetsa foda yopanda kanthu. DVD yeniyeni yoonera imafuna foda ya VIDEO_TS yokhala ndi mafayilo a VOB, IFO ndi BUP, ndipo mumaipanga ndi pulogalamu ngati DVDStyler kapena DVD Flick kapena ConvertXtoDVD. Posankha mtundu wa chithunzi cha TV pamenepo ikani PAL, ndi yomwe timagwiritsa ntchito ku Malawi, NTSC ndi ya ku America ndi Japan, ma TV ena akale ukawapatsa NTSC chithunzi chimataya mitundu kapena kumagudubuzika. Chimbale chitsekedwenso pomaliza, finalize ija, chosatseka chimawerengeka pa kompyuta yokha.

Pali kanzeru kena ka zimbale za plus komwe ambiri sakadziwa, amati book type. Chimbale chilichonse chili ndi kachizindikiro kouza deki kuti ine ndine mtundu wakuti, ndiye ma burner ena, ambiri a LG ndi Lite-On, amalola kuti DVD+R ilembedwe chizindikiro cha DVD-ROM ngati chimbale cha kufakitale, deki yokana plus ija nkuchilandira osadziwa. Mu ImgBurn zili pomwe paja pa Tools, Drive, Change Book Type. Pa minus sizitheka chifukwa chizindikirocho chimabwera chodindidwa kale. Ngati mwapeza ma burner awiri mtengo wofanana tengani yomwe ikulola zimenezi.

Za region, loko yoti chimbale chizisewera m'dera limodzi la dziko lapansi, zisakuopseni, zimbale zobena nokha zilibe loko. Zimakhudza ma filimu ogula a orijino, Malawi ili mu region 5 pomwe South Africa ili mu region 2, ndipo drive imalola kusintha kasanu kokha kenako imakhazikika pomwe mwasiyira, ndiye musamangodina OK mwana akaika chimbale chochokera ku Joni. Blu-ray burner nayo imabena ma DVD onsewa kuphatikiza zimbale zake za 25GB ndi 50GB, koma ngati makasitomala anu ali ndi deki wamba mungowononga ndalama, deki ya DVD singawerenge Blu-ray. Ndipo ngati mukubena nyimbo za eni ake zogulitsa kumbukirani laisensi ya COSOMA, imeneyo ndi nkhani ina.

Zimbale zotchipa kwambiri zopanda dzina zimanyoza burner yabwino, lero zasewera pakatha miyezi ingapo pansi payamba mawanga. Ine za ntchito yolipidwa ndimafunafuna Verbatim, ndipo ndimatsimikiza mu ImgBurn pomwe pamalembedwa MID, kachizindikiro ka fakitale yomwe inapanga chimbalecho, ndimayang'ana MCC kapena MKM. Polemba dzina pamwamba gwiritsani maka yofewa osati bolopeni, mapepala omata aja nawo amapendeketsa chimbale chikamazungulira. Ndipo poti magetsi amatha kuthima nthawi ina iliyonse, desikitopu ikhale pa UPS, batire yosunga moto magetsi akathima, laputopu ikhale ndi batire yogwira, moto ukaduka pakati pa kubena DVD-R imeneyo yasanduka chotsekera kapu ya tiyi, mutenge ina muyambirenso.