Kudziwa papaya wamwamuna akadali mu chubu

Mayi anga ku Bvumbwe ankadzala mapapaya atatu pa phando limodzi, n'kudikira maluwa kuti aone wamwamuna ndi uti, amudule. Miyezi yonseyo amakhala akuthirira mtengo wosabala. Olima kanjedza wobala tende ku Arabia vuto lawo ndi lomweli, koma lawo ndi lalikulu: mtengo wochokera ku njere umatha zaka zisanu kapena kuposerapo usanachite maluwa, ndipo pafupifupi theka la mbande limakhala lachimuna. Mu 2011 akatswiri a koleji ya Weill Cornell ku Qatar adawerenga DNA (malangizo a chibadwa omwe ali m'chamoyo chilichonse) ya kanjedza wa mtundu wa Khalas, n'kupeza chigawo chosiyanitsa wamwamuna ndi wamkazi. Kachigawo koyenda limodzi ndi khalidwe lomwe mukulifuna ndiko timati chizindikiro, ndipo kafufuzidwe kake n'kamodzi, kaya ndi kanjedza, papaya kapena tiyi.

Yambani ndi khalidwe limodzi looneka ndi maso. Chimuna ndi chikazi n'chosavuta. Kupirira chilala kwa tiyi, komwe ofufuza a ku Mimosa ku Mulanje akhala akulimbana nako, kumayendetsedwa ndi majini ambiri (jini ndi chigawo cha DNA choyendetsa khalidwe), ndiye musayambire pamenepo.

Kenako pitani kumunda mukasankhe mitengo ikuluikulu yomwe mukuidziwa bwino. Ine ndimatenga yosachepera 20 mbali iliyonse. Kwa papaya kumbukirani kuti mitundu ilipo itatu, pakuti wina amakhala ndi chimuna ndi chikazi m'duwa limodzi. Tcholani tsamba lanthete lopanda matenda, liikeni m'kaenvelopu ndi silica gel kuti liume msanga.

Apa ndipo ndimakalipa. Nambala ya mtengo ilembedwe ndi pensulo, pa envelopu ndi m'buku, komanso ikhomedwe pa kachidutswa ka aluminiyamu komangirira pa mtengowo. Chaka china tidalemba ndi inki, chiperoni chidagwa masiku atatu, manambala onse n'kufufutika. Tidangoganizira kuti uyu ndi 14, uyu ndi 17. Ntchito ya miyezi iwiri idapita m'madzi chifukwa wamwamuna mmodzi adalowa m'gulu la akazi, ndipo makina sangakuuzeni zimenezo.

Ku labotale sinjani tsambalo, lisakanizeni ndi mankhwala a CTAB otulutsa DNA m'tsambalo, muliike pa madigiri 65 kwa theka la ola kapena ola lathunthu. Tsukani ndi chloroform, thiraninso isopropanol wozizira, DNA idzakhala pansi pa chubu cha ku labotale ngati kamamina koyera. Ngati ndi tiyi onjezerani mankhwala a PVP, chifukwa zinthu zomwe zimawawitsa tiyi zimadetsa DNA n'kuimitsa ntchito yotsatira.

Ndalama zikachepa, monga zimachitira kwathu kuno, musayeze mtengo uliwonse pawokha. Phatikizani DNA ya amuna onse m'chubu chimodzi, ya akazi onse m'chubu china. Kusiyana kwa mtengo ndi mtengo kumasokonekera m'chisakanizocho, kumatsala kusiyana kwa magulu awiriwo basi. Pa machubu awiriwa yesani ma primer ambirimbiri (tizidutswa tifupitifupi ta DNA tosonyeza malo oti achulukitsidwe) ndi makina a PCR, omwe amatenthetsa ndi kuziziritsa maulendo 30 mpaka 35 kuti kachidutswa kamodzi ka DNA kachuluke. Zotulukazo ziyendetseni ndi magetsi mu jelo ya agarose, momwe zidutswa za DNA zimaoneka ngati mizera. Chomwe mukusaka ndi mzera wooneka kwa amuna koma wosaoneka kwa akazi. Ma primer ambiri sakupatsani kanthu, musakhumudwe.

Mukaupeza musayambe kuvina. Bwererani ku mitengo ija umodziumodzi, muone ngati mzerawo ukutsatiradi chimuna. Mukatero katengeni masamba kwina, tinene ku Luchenza kapena ku Muloza, mnzanu abise manambala, inu munene kuti uyu ndi wamwamuna musanaone buku. Chizindikiro chomwe chili kutali ndi jini yeniyeni chimalekana nayo mbewu zikamakwatitsana, ndiye chimagwira pa mitengo ya kwanu yokha.

Chikapambana mayeso amenewo, chigwiritseni ntchito ku nazale. Mbande ikangotulutsa masamba anayi, dulani kachidutswa kochepa ngati chikhadabo, yezani, amunawo muwachotse asanadye manyowa. Musawathe onse: siyani mmodzi pa akazi 10 aliwonse, kuti mungu upezeke.